Khomo la Pansi pa Njanji

Sendezani mipando kuno, utsi ukupita uko. Ndikuuzeni zimene zinachitika kwathu ku Nkhadze, kuchigwa kuja, chaka chimene makasu anayamba kusowa m'makomo. Amene anaziona alipo mpaka lero, mukhoza kukawafunsa.

Nkhadze ndi kamsika kamene kanamera chifukwa cha sitima. Njanji imadutsa chakum'mawa, pamwamba pa chimtumbira chachitali cha dothi chimene anthu akale anaunjika kuti sitima isamatitimire m'dambo. Kuseri kwa mtumbirawo dambo limatsetsereka mpaka kumtsinje. Koma sitima inasiya kubwera ife tili ana. Siteshoni inasanduka mogona mbuzi, ndipo njanji inamera minga ndi zitsamba. Chimene sichinasiye kubwera ndi madzi. Mvula ikagwa kumapiri, madzi ankatsika n'kufika pamtumbira, n'kusowa kolowera, n'kubwerera m'nyumba zathu. Tinkathawira pamtunda ndi ana ndi nkhuku, madzi akaphwa n'kubwerera kukamatanso zipupa. Tinkangoti dziko linasintha.

Pamsikapo panali mayi wina dzina lake Velina Alufandika. Anali ndi kashopu kojambula zithunzi za ziphaso ndi kutchaja mafoni. Mwamuna wake, Fulaide, ankakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa nimu. Anali ndi mwana dzina lake Lute. Awiriwa anatopa ndi nyumba yadothi yogwa chaka ndi chaka, choncho anadzimana kwa nthawi yaitali mpaka anamanga ya njerwa zootcha kuseri kwa shopu, chakufupi ndi njanji. Chaka chimenecho n'kuti atangokhoma malata. Ankafuna kulowamo mvula isanayambe.

Velina ankasunganso bambo ake, a Jekete. Mkuluyu anagwira ntchito panjanji kuyambira ali mnyamata, m'gulu la anthu okonza njanji ndi kulambula m'mbali mwake. Akazi awo atamwalira, mutu unayamba kuwatayika. Ankakhala pakhonde la shopu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chipewa pabondo, maso kunjanji, osalankhula. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu.

Tsiku lina mnzake wa ku Limbe anamulowetsa Velina m'gulu la pa foni la ana a anthu amene ankagwira ntchito kunjanji. M'gulumo ankatumizirana zithunzi zakale: sitima za malasha zikufuka utsi, milatho, masiteshoni atadzaza anthu ndi mitolo, ngalande zimene ankakumba m'mbali mwa njanji. Ankakangana kuti apa ndi pati, uyu ndi ndani, chinali chaka chanji. Velina anaganiza kuti mwina bambo ake akaona zimenezi mtima ungatsitsimuke. Anasindikiza zingapo n'kuzimata pakhoma la shopu.

A Jekete anangoziyang'ana basi. Koma nkhalamba zina za pamsika zinayamba kubwera. Woyamba anali mayi Dorofi, amene pa utsikana wawo ankagulitsa nsomba zowamba m'mawindo a sitima.

"Iyi ndi sitima ija inkachokera kumalire Lachisanu!" anatero mayi Dorofi akugunda chithunzi ndi chala. "Dalaivala wake anali ndi ndevu zofika apa. Ankandiimbira huta ine ndekha."

"Ankaimbira ng'ombe zili panjanji, mayi," anayankha mkulu wina, shopu yonse n'kufa nako kuseka.

Posakhalitsa anthu anayamba kufukula m'masutikesi. Wina anabweretsa chithunzi cha bambo ake atavala yunifolomu ya galadi wa sitima, wina cha ukwati umene unafika pa sitima mkwatibwi atadetsedwa ndi mwaye. Velina ankazijambula ndi foni n'kuzitumiza kugulu, ndipo a ku Limbe, a ku Salima ndi a ku Joni ankayankha. Khoma linadzaza. Madzulo aliwonse pakhondepo pankamveka phokoso ngati pasiteshoni pakale.

Ndiye kunabwera mlendo uja.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, dzuwa lija la kuchigwa limene ngakhale agalu sauwa. Msika unali zii. Velina anali yekha m'shopu, bambo ake akuwodzera pakhonde. Anangoona kuti pakhomo pachita mdima. Panaima munthu wamtali, wovala ovolosi yotuwa ndi chipewa chong'ambika mlomo. Miyendo ya ovolosiyo inali yonyowa mpaka m'mawondo, itamata matope akuda. Velina anadabwa, chifukwa mvula inali isanagwe chichokereni Epulo, ndipo ngakhale dambo linali litang'ambika.

"Odi, mayi. Ndamva kuti mukusonkhanitsa zithunzi za njanji."

"Eya, bambo, lowani. Mwachokera kuti?"

"Pompano," anatero munthuyo. Anaika chithunzi patebulo, chozondotsa. "Muwaonetse a Jekete. Muwauze kuti khomo latsekeka."

"Khomo la kuti? Si awo ali pakhondewo, muwauze nokha."

"Akagona sitiwadzutsa. Anatopa."

Velina anawerama kuti atembenuze chithunzicho. Podzutsa mutu, pakhomo panalibe munthu. Anatuluka n'kuyang'ana uku ndi uku. Msewu wonse unali mbee, fumbi lokhalokha. Pasimenti ya khonde panali zidindo za mapazi onyowa, zikuuma iye akuona. Chimene chinamuvutitsa pambuyo pake n'chakuti anthu akamufunsa kuti munthuyo nkhope yake inali yotani, sankatha kuyankha. Chipewa ankachikumbukira, mawu ankawakumbukira, koma nkhope ayi.

Chithunzicho chinali chakale kwambiri, chofiirira, ndipo chinali chachinyezi. Chinkanunkha matope a m'dambo. Chinkaonetsa amuna ataima m'ngalande yakuya, makasu ndi mafosholo m'manja. Kumbuyo kwawo kunali mtumbira wa njanji, ndipo m'munsi mwa mtumbirawo munali khomo lalikulu la njerwa, lozungulira pamwamba ngati pakamwa pa uvuni.

Madzulo nkhalamba zitasonkhana, mkangano unabuka. Wina ankati ndi ku Salima, wina ankati ndi kutsidya kwa malire. Mayi Dorofi anati khomo lotere analionapo ali mwana koma sakukumbuka kuti kunali kuti. Kugulu la pa foni nakonso palibe amene anachizindikira. Kenaka Velina anachiika m'manja mwa bambo ake.

A Jekete anachiyandikitsa kumaso.

"Uyu ndi Ntopa," anatero. Onse pakhondepo anatembenuka, chifukwa ambiri anali ataiwala mawu a mkuluyu. "Uyu Bizeki. Uyu Mwanaleza, ankadya ngati anthu awiri. Kamnyamata aka ndine." Chala chinafika kumapeto, pa munthu wamtali wa chipewa chong'ambika mlomo, amene nkhope yake inali mumthunzi. "Uyu ndi kapitawo wathu, Sozinyo."

Velina anachizindikira chipewacho.

"Ababa, a Sozinyowo amakhala kuti?"

"Sozinyo tinamuika m'manda iwe usanabadwe. Onsewa anapita. Ndatsala ndekha." Anadzutsa maso. "Wakupatsa ndani?"

Velina anafotokoza, n'kunenanso uthenga wa khomo lotsekeka. A Jekete anatembenukira kunjanji.

"Ababa, khomoli lili kuti?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa, koma maso anali atabwerera kale kumene ankakhala masiku onse. "Amayi ako abwera kumadzi?" anafunsa.

Anthu anabalalika msanga tsiku limenelo.

Khasu loyamba kusowa linali la mayi Dorofi. Analisiya kuseri kwa chitseko, m'mawa palibe. Anakalipira adzukulu. Kenaka linasowa la kwa abusa, kenaka awiri a kuchigayo, kenaka fosholo ya Fulaide imene ankapondera matope. Nyengo yososa minda inali itafika, ndiye anthu anakwiya. Anayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Koma wakuba wake anali wodabwitsa. Ankasiya wailesi, ankasiya njinga, ankasiya thumba la chimanga, n'kutenga khasu lakutha mpini.

Kenaka kunayamba phokoso. Dzuwa likangolowa, nthawi imene amayi akusonkha moto, kunjanji kunkamveka thi, thi, thi, ngati anthu ambiri akukumba pamodzi. Ukaima kuti umvetsere, linkasiya. Ukayamba kuyenda, linkayambanso. Anyamata ena olimba mtima anapita ndi matochi, koma anangopeza minga ndi zitsamba zili momwemo. Mmodzi anagwira chitsulo cha njanji n'kuchotsa dzanja msanga. Anati chinkanjenjemera. Mbuzi zimene zinkagona musiteshoni zinasamuka zokha, ndipo pobwera kubusa zinkazungulira kutali, osafuna kudutsa kuseri kwa nyumba yatsopano ya Fulaide.

Chithunzi chija sichinaume. Velina anachiyanika padzuwa, anachiika pamalata otentha, koma pochitenga chinali chachinyezi ndithu, ndipo pakhoma pamene anachimata panachita banga lakuda lotsikira pansi.

M'mawa wina kusanache bwino, mayi Dorofi akupita kumjigo anakuwa mokweza mpaka tonse tinatuluka. Makasu onse anali apo. Anali atazikidwa m'nthaka, mipini m'mwamba, motsatana ngati anthu pamzere. Mzerewo unayambira mbali ya kumapiri kumene madzi amachokera, n'kudutsa pakati pa nyumba, n'kulunjika kunjanji. Nthaka inali youma gwa, koma khasu lililonse linali ndi matope akuda, onyowa. Fosholo ya Fulaide inali itatsamira khoma la nyumba yake yatsopano. Kuseri kwa nyumbayo mzere unapitirira mpaka pathengo la minga m'munsi mwa mtumbira.

Palibe amene anafuna kuzula lake. Amayi anakokera ana m'nyumba. Pofika masana nkhani inali ponseponse yakuti zithunzi za Velina zadzutsa akufa. Amene anabweretsa zithunzi zawo anabwera kudzazitenga, osamuyang'ana kumaso. Khoma linatsala ndi mabanga a guluu. Ngakhale otchajitsa mafoni anayamba kupita kwina.

Madzulo Fulaide analowa m'shopu nkhope itagwa.

"Amake Lute, ndipatseni chinthucho ndikachiotche."

"Bambo ake Lute, chakulakwirani chiyani?"

"Simukuona? Makasu aja aloza nyumba yathu. Anthu akuti tinamanga pamanda. Ena akuti inuyo mukudziwapo kanthu. Mwana kusukulu anzake akumuthawa."

"Chithunzichi chalankhulitsa ababa. Chichokereni maliro a amayi anali asanatchule dzina la munthu."

"Atchula mayina a akufa! Chimenecho n'chokondweretsa?"

Velina anachitenga pakhoma n'kuchibisa m'bulauzi. Nayenso ankaopa, ndipo chinyezi chake pachifuwa chinkamuchititsa nthumanzi. Koma ankakumbukira mawu a mlendo uja. Munthu wofuna kukupweteka sanena kuti wokalamba akagona sitimudzutsa.

"Mundipatse mawa lokha," anatero. "Likadutsa, mukachiotche."

Fulaide anatuluka.

Mawa lakelo kunja kunatentha modabwitsa, ndipo kumapiri kunaunjikana mitambo yoyamba. Dzuwa litapendeka Velina anapita kukapereka phala kwa bambo ake, n'kupeza mpando uli wokha. Ndodo yawo inali pansi. Mkulu amene sankatha kufika kuchimbudzi popanda womugwira dzanja anali atasowa.

Anafunsa pamsika, palibe anawaona. Anathamangira kunyumba yakale, kulibe. Mdima unayamba kugwa, ndipo kunjanji phokoso lija linayamba: thi, thi, thi. Velina anaima pakati pa msewu. Kenaka pakati pa phokosolo anamva mawu a munthu akuimba, mawu okalamba, osasa. Anawadziwa.

Anatsata mzere wa makasu, n'kudutsa nyumba yatsopano, mpaka pathengo la minga. A Jekete anali atagwada m'kati mwa thengolo, malaya atang'ambika, akukumba nthaka ndi manja. Ankaimba nyimbo ya pantchito.

"Tsitsa khasu, mnyamata!"

Ndipo china chake chinayankha. Velina amalumbira mpaka lero kuti anamva. Mawu a amuna ambiri, otsika, ochokera pansi pa mtumbira kapena m'kati mwake: "Latsika!"

"Tsitsanso, mnyamata!"

"Latsika!"

M'thengomo munalibe munthu wina. Koma zitsamba zinkagwedera popanda mphepo, ndipo fungo la matope ndi thukuta linali ponseponse, ngati wafika pakati pa anthu amene agwira ntchito tsiku lonse.

"Ababa!" Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ababa, tiyeni kunyumba."

A Jekete anatembenuka. Maso awo anali owala, a munthu amene akudziwa pamene ali.

"Velina, mwana wanga, usaope. Ndi anzanga. Manja awo sagwiranso dothi, n'chifukwa chake akuvutika. Akuti tachedwa."

Zala za mkuluyo zinali kuchucha magazi. Velina anayang'ana zalazo. Kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwira khasu lomaliza pamzere, n'kulizula. Mpini wake unali wofunda ngati wina wangousiya kumene. Anafuna kuliponya, koma analimba mtima. Anaima pambali pa bambo ake n'kutema nthaka.

Phokoso lija linamuzungulira. Akatsitsa khasu, kumanja ndi kumanzere kunkamveka makasu ena akutsika naye limodzi. Sanayang'ane kumbali. Anangoyang'ana pansi, akulira, akukumba.

Kuwala kwa tochi kunawagwera. Anali Fulaide, akupuma mwawefuwefu.

"Amake Lute! Mwapenga? Bambo, mukutani kuno?"

A Jekete anapitiriza kukumba. Anakweza mawu: "Tsitsa khasu, mnyamata!"

"Latsika!"

Tochi inagwa m'manja mwa Fulaide. Nthawi yomweyo khasu la Velina linagunda chinthu cholimba, ngwee! Phokoso lonse linatha. Kunangotsala nkhululu zikulira.

Fulaide anatola tochi n'kuunika m'dzenjemo. Anagwada n'kupalasa dothi. Zinali njerwa, zoyalidwa mozungulira ngati pakamwa pa uvuni.

Anawabereka apongozi ake kumsana mpaka kunyumba.

Kutacha Velina anatulutsa chithunzi chija n'kuyenda nacho khomo ndi khomo, akufotokoza za njerwa zimene anapeza. Ena anamutsekera zitseko. Mayi Dorofi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Ndakumbuka tsopano," anatero. "Tinkasambira pamenepo tili ana. Madzi ankadutsa pansi pa njanji n'kupita kudambo. Chigumula chachikulu chija chitabwera, mchenga unakwirira zonse, sitima n'kusiya, okonza n'kubalalika. Ife n'kuiwala. Tiyeni, mwanawe. Ine khasu langa ndikalizula ndekha."

Anthu ataona nkhalamba ikuzula khasu lake osagwa, anayamba kubwera mmodzimmodzi. Anatema minga, anakumba, ndipo pofika madzulo khomo lonse linaonekera, lalitali kuposa munthu, lodzaza mchenga ndi zinyalala mpaka kudenga. Tinaimika chithunzi pambali pake. Linali lomwelo, njerwa ndi njerwa.

Apa m'pamene tinamvetsa. Mtumbira wa njanji unali utasanduka khoma lotsekera madzi, ndipo ife tinkakhala m'kati mwa dziwe. Mzere wa makasu unali njira ya ngalande yakale imene inkatenga madzi kuwapititsa kukhomolo. Ndipo tonse tinaona, ngakhale palibe amene anafuna kunena, kuti njirayo inkadutsa pakati penipeni pa nyumba yatsopano ya Fulaide.

Tinayesa kuizungulira. Kumanja kunali thanthwe, mapiki ankangothetheka moto. Kumanzere nthaka inali yokwera, madzi sakanakwera. Tinakumba mbali zonse ziwiri mpaka ngalande inafika pakhoma lakumaso ndi pakhoma lakumbuyo la nyumbayo, n'kuima. Palibe amene anapempha Fulaide kanthu. Tonse tinkadziwa mmene anavutikira, kuumba njerwa yekha m'mamawa asanapite kukakonza njinga.

Iye anasiya kudya. Ankakhala m'nyumba yopanda anthuyo, akuyang'ana malata. Kumapiri mabingu anayamba kugunda madzulo aliwonse. Ndipo phokoso lija linabwereranso, koma tsopano silinkamveka kunjanji. Linkamveka pansi pa simenti ya nyumbayo, pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda mwaulemu pakhomo la eni ake.

Velina anakamupeza atakhala pansi, msana kukhoma.

"Bambo ake Lute, sindikuuzani chochita. Thukuta lake ndi lanu."

"Ndi lathu," anatero Fulaide. Kenaka anati, "Ndinakulonjezani kuti chaka chino simudzathawanso ndi mphasa pamutu."

"Munalonjeza."

"Nyumbayi ndikaisiya, ife tidzagona pouma, chifukwa maziko ndinakweza. Koma mayi Dorofi? Ana a kuchigayo?" Anaika dzanja pasimenti, pamene pankamveka kugogodako. "Amenewa anafa kalekale, alibe nyumba pano, alibe mbuzi pano. Koma akulephera kugona chifukwa cha ife."

M'mawa mwake anakwera padenga yekha n'kuyamba kuzula misomali. Amuna ataona, anabwera osaitanidwa. Anatsitsa malata bwinobwino, anachotsa zitseko ndi mawindo, ndipo njerwa anazigumula imodziimodzi kuti zisasweke, amayi n'kumazitutira pamtunda pafupi ndi tchalitchi. Velina anatuta nawo, misozi ikutsika, osaipukuta. Nyundo yoyamba pasimenti anamenya ndi Fulaide. Pansi pake panatuluka matope akuda, onyowa.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inathamanga modabwitsa. Tinkaweruka madzulo titazika kamtengo pamene talekezera, koma m'mawa nthaka ya kutsogolo kwa kamtengoko tinkaipeza yofewa ngati yagona m'madzi, khasu n'kumangolowa lokha. Palibe amene ankafunsa. A Jekete ankakhala pampando m'mphepete mwa ngalande n'kumatiimbira, ife n'kumayankha. Nthawi zina mayankho ankamveka ochuluka kuposa anthu amene analipo. Poyamba tsitsi linkaima. Kenaka tinazolowera, moti mayi Dorofi pogawa thobwa ankathira lina pansi n'kunena kuti, "Imwani, akuluakulu, dzuwa lakula."

Tsiku limene tinaboola mchenga womaliza, kuwala kwa kudambo n'kuonekera kudzera m'khomo, Velina anati atijambule kuti atumize kugulu lija. Tinaima m'ngalande ndi makasu athu. A Jekete anakweza dzanja.

"Sunthirani uko pang'ono. Apatseni malo anzathu."

Tinasuntha. Palibe amene anaseka.

Mvula inayamba Lamulungu masana, anthu akutuluka m'tchalitchi. Sinayambe ndi madontho. Inangokhuthuka. Inagwa tsiku lonse, n'kugwanso lotsatira, kumapiri kuli bii. Tinamva madzi asanafike, mkokomo uja umene aliyense wa kuchigwa amaudziwa, ngati sitima yolemera ikubwera kutali. Tinanyamula ana ndi okalamba n'kukwera pamtumbira wa njanji, monga mwa zaka zonse, n'kuima pamvula tikuyang'ana nyumba zathu.

Madzi anafika ofiira, atanyamula mitengo ndi zinyalala. Analowa m'ngalande n'kudzaza mpaka m'milomo. Anadutsa pamene panali nyumba ya Fulaide n'kudzagunda pakhomo la njerwa, mtumbira wonse n'kunjenjemera pansi pa mapazi athu. Kenaka chimtengo chachikulu chinabwera chopingasa n'kutseka pakamwa pa khomolo. Madzi anayamba kubwerera. Anasefukira m'mbali, n'kuyamba kukwawira kunyumba ya mayi Dorofi.

Amayi anayamba kulira. Fulaide anavula malaya kuti atsikire, koma Velina anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Mukafa! Bambo ake Lute, mukafa!"

A Jekete anadzuka pamene anawakhazika. Anayenda okha mpaka pamwamba penipeni pa khomo, mvula ikuwamenya, n'kuyang'ana pansi. Sanaimbe nyimbo ya makasu. Anafuula mawu amene ankafuula ponyamula zitsulo za njanji.

"Gwirani pamodzi! Kwezaaa!"

Ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Chimtengo chija chinatukuka mbali imodzi, pang'onopang'ono, motsutsana ndi madzi. Chinatembenuka n'kuloza mutu kukhomo, n'kulowa. Amene anali kumbali ya dambo anachiona chikutuluka uko n'kupita. Ena amati ndi mphamvu ya madzi. Mwina. Ine ndinaona mmene chinatukukira, ndipo ndinanyamulapo mitengo ndi anzanga.

Madzi anatsata ndi mkokomo waukulu. Amene anasefukira aja anabwerera m'ngalande. Tinaima pamenepo mpaka mvula inayamba kuchepa, tikuyang'ana mtsinje wathunthu ukudutsa pansi pa mapazi athu n'kukamwazika kudambo. Palibe nyumba imene inagwa. Kwa mayi Dorofi madzi anangonyambita khonde.

Kutacha kunja kunayera. Anthu anatsika kukaona m'nyumba zawo, ena akuseka, ena akuimba nyimbo za kutchalitchi. Amuna anamuzungulira Fulaide n'kumakangana za tsiku loyamba kumumangira nyumba pamtunda paja, wina akuti abweretsa mchenga, wina akuti iye ndi wa denga. Fulaide ankangogwedeza mutu.

A Jekete anakana kutsika. Anapempha Velina kuti awaperekeze pamwamba pa khomo paja. Madzi anali ataphwa, akuyenda mwakachetechete. Mkuluyo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Sozinyo," anatero. "Ntopa. Bizeki. Mwanaleza. Nonse. Ana aiona ntchito, aisamala. Werukani tsopano."

Kunalibe mphepo. Koma bango la m'mbali mwa ngalande, kutsidya la kudambo, linawerama limodzilimodzi motsatana, kuchokera pakhomo kulowera kumtsinje, ngati pakudutsa anthu pamzere. Velina analiyang'ana mpaka linafika patali n'kuima.

A Jekete anadikira pang'ono, n'kuvalanso chipewa. Anagwira dzanja la mwana wawo.

"Velina, kunyumba kuli tiyi? Ndamva njala."